Liwu la rubble pa kotesheni musalione mopepuka

Achimwene, liwu la rubble limene mwalipeza pa kotesheni ya mmisiri wanuyo ndi limene linandidyera njerwa za nyumba ya malemu bambo anga. M'Chingelezi limatanthauza zidutswa za miyala, njerwa, konkire ndi pulasitala zimene zimatsala nyumba ikagwa kapena ikagwetsedwa, ndipo malata, mafelemu kapena njerwa zathunthu sizilowamo. Linayamba kulembedwa ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo akatswiri ena a chilankhulo amalilondola ku Chifalansa chimene Anomani, anthu a kumpoto kwa France, anabwera nacho atalanda dzikolo mu 1066, ku liwu lakuti robe, limene kalelo linkatanthauza katundu wolandidwa pa nkhondo. Liwu la rob, kulanda mwauchifwamba, ndi la mtundu womwewo. Lina limene mungalione ndi debris, lochokera ku Chifalansa briser, kuswa, koma ilo ndi lotakata chifukwa limakhudza ngakhale zotsala za galimoto yochita ngozi.

Ine ndinali ku Johannesburg pamene ndinatumiza ndalama kwa kontirakitala wina kuti agwetse nyumba yakale ndi kuchotsa rubble, monga zinalembedwera. Nditafika kumudzi ndinapeza mayi anga atakhala pa mulu wa pulasitala wogumuka pakhomo, atagwira loko wa chitseko chimene kunalibenso. Njerwa zootcha zimene bambo anaumba ndi manja awo, malata, mafelemu a mawindo, ngakhale matabwa a denga, zonse zinali zitakwezedwa pa lole n'kukagulitsidwa, koma zigumuki zenizenizo anazisiya pomwepo, misomali yadzimbiri ili mbwee pamene ana amasewera. Nditamufunsa, munthu uja anatulutsa pepala m'thumba, analoza liwulo ndi chala, n'kundiuza pamaso pa mayi kuti chilichonse chochokera pa nyumba yogwetsedwa ndi rubble. Ananama, ndipo ankadziwa kuti akunama, chifukwa mmisiri aliyense amadziwa mtengo wa njerwa yathunthu. Munthu wodyera masuku pamutu nkhalamba yosadziwa Chingelezi alibe umunthu, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire.

Musanasaine, mmisiriyo alembe m'Chichewa zimene akuchotsa ndi zimene zikutsala, ndipo pa tsiku logwetsa pakhale m'bale wanu woti aziwerenga malata ndi kusanja njerwa pambali. Maduka musalole kuti atayidwe, chifukwa amisiri amawathira pansi n'kuwasinja asanathire konkire ya fulowo, ndipo mukawataya mudzagula miyala ina ndi ndalama zambiri. Komabe ngati mvula yayandikira, musalimbane naye kwambiri pa mawu. Mulipireni achotse muluwo msanga, chifukwa ukakhalitsa umatseka ngalande ndi kusunga njoka.