Kuchokera ku St Helena kupita ku Ascension ndi maola angati pa ndege?

Achimwene ena amene amagwira ntchito ku Joni anditumizira imelo, akuti apeza mwayi wa ntchito pa chilumba cha Ascension ndipo auzidwa kuti adzadutsira ku St Helena. Funso lawo ndi loti zilumba ziwirizi zatalikirana bwanji, nanga ndege imatenga nthawi yaitali bwanji.

Achimwene, mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 1,300, ndipo ndege imauluka maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Ngati munakwerapo ndege ku Chileka kupita ku Johannesburg, ndi mtunda ngati womwewo, kungoti kumeneku mukasuzumira pawindo simuona munda kapena msewu, ndi madzi okhaokha a Atlantic mpaka kukatera.

Koma maola awiriwo asakupusitseni. Nkhani yaikulu ndi kudikira. Ndege ya kampani ya Airlink yolumikiza zilumbazi imayenda kamodzi pamwezi basi, ndiye ikakusiyani ndi mwezi wathunthu uli pamenepo, si ngati minibasi yoti ina ibwera pompano ayi. Ndipo musanafike pamenepo pali ulendo woyamba wochokera ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni kupita ku St Helena, maola ngati 6 kuphatikiza kuima ku Walvis Bay ku Namibia kukathira mafuta. Anthu ambiri amadabwa kuti bwanji ndege ikuima panjira pomwe mafuta akanakwana. Chifukwa chake n'choti St Helena ili pakati panyanja, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Africa, ndiye pailoti akafika n'kupeza kuti sizikutheka kutera, palibe bwalo lina pafupi, ayenera kukhala ndi mafuta okwanira kukatera kutali.

Ndipo kulephera kutera kumachitikadi. Bwalo la St Helena analimanga pamwamba pa phompho, mphepo imawomba mosinthasintha ndege ikamatsika, moti litatha mu 2016 ndege zonyamula anthu sizinayambe mpaka Okutobala 2017, ndipo anachita kusankha ndege yocheperako, Embraer E190, osati zikuluzikulu zija. Kukachita chifunga kapena mitambo yotsika ulendo amausintha tsiku, inu muli mu hotelo ku Joni ndalama zikutha. Ine izi zimandikhudza kwambiri chifukwa munthu wopita kukayamba ntchito amakhala wawerengera kandalama kake ndendende, ndiye sungani ina yapadera ya masiku awiri kapena atatu, chonde.

Komabe zinthu zinapepuka. Kale anthu ankakwera sitima ya RMS St Helena masiku 5 kuchokera ku Cape Town, inasiya kuyenda mu 2018.

Chinanso, bwalo la ku Ascension, la Wideawake, ndi la asilikali, simungangotulukira popanda chilolezo cholowera pachilumbacho, abwana anu akukonzereni pepala limeneli musanagule tiketi. Wotchi mudzabweze ndi maola awiri mukafika ku St Helena, ku Ascension nthawi ndi yomweyo.