Ndilembe zotani kuti alimi a mpunga awerenge?

Funso: Ndinali mlangizi wa zaulimi, pano ndinapuma. Ndikufuna kulemba buku la ulimi wa mpunga m'Chichewa, koma ndingadziwe bwanji zomwe alimi akufuna kupezamo? Ndine wowerenga wanu, ku Nkhotakota.

Yankho: Bambo, musafunse mlimi kuti, "Kodi buku langali mudzagula?" Adzavomera chifukwa chokupatsani ulemu, inu n'kubwerako osaphunzira kanthu. Mufunseni kuti chaka chatha ndalama zinatayika pati. Pamenepo mpamene amamasuka.

Malo omvetsera muli nawo pafupi. Kakhaleni pachigayo cha mpunga nthawi yokolola, mumve madandaulo a mayi amene Kilombero wake watuluka wosweka, venda n'kumudula mtengo. Ambiri sadziwa kuti kuchedwa kukolola komanso kuyanika mopitirira muyeso padzuwa la kunyanjali kumasweketsa mpunga. Umenewo ndi mutu wathunthu wa buku, ndipo ine ndikanauika koyambirira, mbiri ya mpunga isanabwere. Pitaninso ku sikimu ya ulimi wothirira ya Bua, kenako kwa olima m'madambo odalira mvula, chifukwa mavuto awo ndi osiyana. Wa kusikimu amadandaula za kagawidwe ka madzi m'ngalande, wa kudambo amafunsa kuti afese liti nazale mvula ikachedwa. Mverani mafunso omwe alimi amafunsa poimba foni pa Nkhotakota Community Radio, muziwalemba m'kope monga momwe awayankhulira. Funso lobwera mobwerezabwereza ndilo loyenera masamba ambiri.

Za mbewu monga Faya ndi Pussa, katsimikizeni kwa akatswiri a kafukufuku ku Lifuwu, ku Salima. Uphungu unasintha, mwachitsanzo pa kuwokera mbande imodzi yanthete pa phando, ndiye musadalire zakale zokha.

Kumbukirani kuti m'mabanja ambiri mwana wasukulu ndiye adzawerengera makolo mokweza. Choncho ziganizo zifupike, ndipo miyeso ikhale ya ekala, ndowa ndi thumba la makilogalamu 50.

Musanapite kosindikiza, lembani mutu umodzi wokha, muchite fotokope, mupereke ku kalabu ya alimi. Onetsetsani kuti amayi alandira nawo, popeza ndiwo amatha nthawi yambiri akuwokera ndi kupalira. Pakatha sabata ziwiri bwererani, muwapemphe akufotokozereni zomwe anamva. Pomwe akakamira, lembaninso. Afunseninso ndalama zomwe angatulutse pogula bukuli atagulitsa mpunga, chifukwa yankho lake ndilo lidzakuuzeni kuchuluka kwa masamba omwe mungasindikize.