Funso la wowerenga: "Ndiike app iti kuti ndizigona bwino nthawi ya mayeso?"

Wophunzira wina wa chaka chachiwiri ku yunivesite walemba imelo. Akuti mayeso ayandikira, tulo sitikubwera mpaka cha m'ma 2 koloko usiku, mtima ukumangothamanga, ndipo pa foni pake pali kale ma app asanu ndi awiri a zaumoyo koma palibe chimene chikusintha. Akufunsa kuti awonjezere iti.

Musawonjezere ina. Yambani mwachotsa ena mwa amene alipowo.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019 anaunika ma app 93 otchuka a thanzi la m'maganizo pa Android. Anapeza kuti pa ambiri mwa iwo, pakatha masiku 30, mwa anthu 100 amene anaika app, otsala akuitsegulabe amakhala atatu kapena kupitirirako pang'ono. Choncho si inu nokha amene mumaika n'kuiwala. Vuto lina n'lakuti app iliyonse imabwera ndi mauthenga ake okukumbutsani, ndiye ma app asanu ndi awiri ndi mabelu asanu ndi awiri akulira pa foni yomwe ikukusowetsani tulo yomweyo.

Tiyambe ndi aja amati amayeza tulo. Mukaika foni pa matiresi, app imagwiritsa ntchito kachipangizo kozindikira kugwedezeka kwa foni, ena amamvetseranso pa maikolofoni kupuma kwanu. Ndi zokhazo zimene imadziwa. Tulo tofa nato ndi tulo ta maloto timayezedwa ndi mawaya oikidwa pamutu amene amaona mmene ubongo ukugwirira ntchito, osati ndi foni. Mukagona chete maso ali gwa kwa ola lathunthu, app ilemba kuti munali m'tulo. Ngati m'chipinda muli mnzanu wochita nkonono, nkononowo ukhoza kulembedwa kuti ndi wanu. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wankhawa akadzuka n'kuona kuti app yam'patsa 54 pa 100, tsiku lonse amakhala akudziona ngati wodwala, ndipo madzulo amakwera pabedi ndi mantha oti alepheranso. Kwa wophunzira amene ali ngati inu, ma app amenewa ndi oyamba kuchotsa.

Njira imene madokotala amayamba nayo pa vuto losowa tulo kwa nthawi yaitali imatchedwa CBT-I, yomwe ndi uphungu wosintha maganizo ndi zizolowezi za kagonedwe, ndipo siyodalira mankhwala. Pali app yaulere ya CBT-i Coach, yopangidwa ndi nthambi ya boma la America yoona za asilikali opuma ntchito, imene inapangidwa kuti izigwiritsidwa ntchito limodzi ndi mlangizi, komabe kabuku kake kolembamo za tulo n'kothandiza. Mfundo zake ndi izi. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale Loweruka, ngakhale mutagona mochedwa. Mukakhala pabedi pafupifupi mphindi 20 tulo osabwera, dzukani, khalani pampando pamalo osawala kwambiri, mubwerere pokhapokha maso akayamba kulemera. Musawerengere mayeso pabedi, chifukwa ubongo umazolowera kuti bedi ndi malo olimbana ndi manotsi. Masabata oyamba mumamva kutopa kwambiri masana, ndipo apa m'pamene ambiri amasiyira, kapena kugona masana maola awiri n'kuwononga zonse. Munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo amafunika maola osachepera 7, wa zaka 13 mpaka 18 amafunika 8 mpaka 10. Kumbukiraninso kuti kafeini wa mu khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu amatenga pafupifupi maola 5 kuti theka lake lichoke m'thupi. Chimene mwamwa 6 koloko madzulo kuti muwerenge, 11 koloko usiku theka lake likadali m'magazi.

Ma app owerenga masitepe amene mumaponda poyenda alibe vuto lalikulu, kupatula nambala imene amakuuzani ya masitepe 10,000 pa tsiku. Sinachokere kuchipatala, inachokera ku malonda a kachipangizo kowerengera masitepe ku Japan m'zaka za m'ma 1960. Bungwe la WHO limanena za mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda ndawala kapena masewera ena ofanana nako. Mphindi 30 masiku asanu, mwakwanitsa. Koma ma app owerengera chakudya ndi ma calorie, amenewo sindingalangize wophunzira amene ali kale ndi nkhawa. Munthu wotere sachedwa kusandutsa chakudya kukhala mayeso ena. Mu 2023 bungwe lina la ku America lothandiza anthu a matenda okhudza kadyedwe linaimitsa pulogalamu yake yoyankha anthu yokha (chatbot) yotchedwa Tessa itayamba kulangiza odwalawo za kuchepetsa thupi.

Ndiye pali nkhani ya zinsinsi, imene anthu amaipeputsa mpaka kalekale. Mu 2021 bungwe la boma loteteza ogula la FTC ku America linagwirizana ndi eni ake a Flo, app yowerengera masiku osamba, pa mlandu woti ankapereka uthenga wa ogwiritsa ntchito kwa makampani monga Facebook ndi Google pomwe analonjeza kuti sadzatero. Mu 2023 BetterHelp, yopereka uphungu pa intaneti, inavomera kulipira madola 7.8 miliyoni pa nkhani yofanana. Awa si ma app achinyengo obisika ayi, ndi otchuka. App yophunzitsa kupuma ikapempha kuona manambala a anzanu kapena malo amene muli, ikanizeni, ilibe nazo ntchito. Ndipo zimene simungafune kuti mlendo awerenge, musazilembe mu app imene simukudziwa kumene imasunga. Lembani m'kope. (Kwa atsikana: tsiku limene app yalosera kuti ndi "lotetezeka" ndi masamu chabe a miyezi yapitayo. Nkhawa ya mayeso imatha kusuntha tsiku lotulutsa dzira, ndipo umuna umakhala wamoyo m'thupi mpaka masiku 5. Imeneyo si njira yolera.)

Za mtima wothamangawo

Ukayamba, kokerani mpweya mkati powerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono powerenga mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Kutulutsa motalikitsako n'kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Izi sizifuna kulipira ma app okhazika mtima pansi monga Calm kapena Headspace, ndipo mukayesa masiku awo aulere, dziwani kuti akatha amayamba kudula ndalama okha. Kuchotsa app pa foni sikuletsa malipirowo, muyenera kukawaletsa mu Play Store kapena App Store.

Ma app ambiri ali ndi mafunso a PHQ-9 ndi GAD-7, oyeza matenda ovutika maganizo ndi nkhawa, amene amafunsa za masabata awiri apitawa. Mukapeza 10 kapena kuposa pa lililonse, kaonaneni ndi mlangizi wa pasukulu kapena achipatala. Mafunsowo sanena matenda, amangosonyeza kuti mukufunika kuonedwa ndi munthu. Ngati mukuganiza zodzivulaza kapena zodzipha, uzani munthu lero lomwe, musadikire nambala. Mtima ukamathamanga limodzi ndi kupweteka pachifuwa kapena kukomoka, pitani kuchipatala, musangoti ndi mayeso.

Tsopano yankho la funso lanu. Chimene mukufuna chili kale m'foni kuyambira 2018: Digital Wellbeing pa Android, Screen Time pa iPhone, zonse mu Settings, ndipo zimaonetsa nthawi imene mumathera pa app iliyonse. Onani ma app atatu amene akukudyerani nthawi kwambiri, muwaikire malire a mphindi 30 pa tsiku. Tcherani Bedtime mode kapena Downtime kuti iziyamba ola limodzi musanagone, foni muitchajire kutali ndi bedi. Siyani app imodzi yokha ya kabuku ka tulo, muilembe m'mawa uliwonse kwa masabata awiri. Ikapanda kukukumbutsani, mwina n'chifukwa choti Android imazimitsa ma app posunga batire: lowani mu Settings, Apps, sankhani app yo, Battery, kenako Unrestricted.