Funsani Aphunzitsi: Nambala yogawika osatsala kanthu

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ine ndine msungichuma wa banki mkhonde kuno kwa Santhe, ku Kasungu. Ndalama za chiwongoladzanja ndi zindapusa zomwe timagawana mofanana zakwana K720,720. Tilipo anthu 16, koma ena ali ndi ngongole, mwina tiwachotsa. Ndayesa kugawa kwa 16, kwa 15, 14, 13 mpaka kutsika, ndipo sipakutsala ngakhale kwacha imodzi. Anzanga akuti ndapotoza kaundula. Kodi zimenezi n'zotheka?

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. Simunapotoze kanthu, nambalayo ndi imene ili yapadera, ndipo ndakondwa kuti mwaiona ndi maso anu.

Taiyang'anitsitsani: 720 walembedwa kawiri. Nambala iliyonse ya madijiti atatu ikalembedwa kawiri chonchi imakhala kuti yachulukitsidwa ndi 1,001. Tsono 1,001 ndi 7 × 11 × 13. N'chifukwa chake 7, 11 ndi 13, manambala amakani amene kawirikawiri amasiya zotsala, pano akulowa bwinobwino. Uzani mwana wasukulu alembe 358,358 kapena 904,904 agawe ndi 13, aona yekha.

Mbali inayo, 720, ndi 16 × 9 × 5. Mukaphatikiza zonse, 720,720 ndi 16 × 9 × 5 × 7 × 11 × 13. Nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 imapeza zidutswa zake mmenemu: 12 ndi 4 × 3, 14 ndi 2 × 7, 15 ndi 3 × 5. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti palibe nambala ina yochepera pamenepa imene ingachite zimenezi. Theka lake, 360,360, limagawika mpaka 15, koma pa 16 limakanika.

Manambala onse amene amaigawa osatsala kanthu alipo 240, ndipo palibe nambala yocheperapo yokhala ndi oigawa ochuluka chotere. Katswiri wa masamu wa ku India, Srinivasa Ramanujan, analemba za manambala a mtundu umenewu mu 1915 n'kuwatcha highly composite numbers. M'gulu lomweli muli 12, 24 ndi 60, omwe timawagwiritsa ntchito powerenga miyezi, maola ndi mphindi. Ma prime monga 13 ndi osiyana nawo kotheratu, pakuti amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi.

Pa msonkhano wanu musatsutsane pakamwa. Lembani papepala aliyense aone: mukakhala 16, aliyense K45,045, mukakhala 15, K48,048, 14, K51,480, 13, K55,440. Wokayika achulukitse yekha pa foni, ibwerera 720,720 yomweyo. Koma dziwani kuti kugawika bwinoku sikutsimikiza kuti kaundula ali bwino, choncho anthu awiri awerengenso zolembedwa za mwezi ndi mwezi pamaso pa gulu.

Nambala yoyamba kuikana ndi 17. Mukanakhala 17, aliyense akanalandira K42,395 n'kutsala K5.