Loop yachiwiri sikutulutsa kanthu chifukwa pointa yatsala kumapeto

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mu PHP, mukawerenga zotsatira za query imodzi ya MySQL ndi ma while loop awiri kuti mutulutse matebulo awiri, yachiwiri sikutulutsa kanthu. SQL yanu ili bwinobwino, musayisinthe. Mu while yoyamba ija, fetch_assoc() ikaitanidwa pointa (cholozera mzere wotsatira woti uwerengedwe) imasuntha mzere umodzi. Ikafika kumapeto imabweza null n'kungokhala pomwepo. Loop yachiwiri ikuyambira kumapetoko, ndiye tebulo lachiwiri likutuluka lopanda kanthu. Chopweteka n'chakuti palibe error ngakhale imodzi. Munthu amachezera usiku wonse, bandulo n'kutha, akufufuza query yosalakwa.

Lembani $result->data_seek(0), loop yachiwiri isanayambe, kuti pointa ibwerere pa mzere woyamba. Kuwerenga kumayambira pa 0: mzere wachisanu ndi data_seek(4), womaliza ndi num_rows - 1 (num_rows ndi chiwerengero cha mizere yonse). Ozolowera Java samalani, kumeneko absolute(1) ndiye mzere woyamba. Query ikapanda kupeza kanthu, ngakhale data_seek(0) imabweza false chifukwa mzere 0 kulibe, choncho onani num_rows kaye.

Pogwera ambiri ndi apa: data_seek imagwira ntchito pokhapokha mizere yonse itakokedwa kale kubwera kwa PHP. $mysqli->query() imachita zimenezo yokha. Koma mukaika MYSQLI_USE_RESULT mizere imabwera umodziumodzi kuchokera ku seva, kubwerera m'mbuyo kulibe, ndipo mukatumiza query ina musanamalize kuiwerenga mulandira "Commands out of sync". Pa prepared statement itanani $stmt->store_result() mukangomaliza execute(), kenako $stmt->data_seek(). Ngati muli pa PDO (njira ina yolumikizira PHP ku database, osati mysqli) ndi MySQL iwalani zonsezi, cursor yoyenda uku ndi uku kulibe, PDO::FETCH_ORI_ABS sikuthandizani.

Ndipo amene anakuuzani mu ndemanga kuti mulembe mysql_data_seek() akusokeretsani. Ma function a mysql_ opanda i anachotsedwa mu PHP 7.0 chaka cha 2015! Anthu akungokopera ma tutorial akalekale osawayesa n'komwe, ophunzira n'kumadziona ngati mbuli pomwe code yake inafa kale. Zimanyansa.

Komabe kunena chilungamo, pa ntchito yanuyi data_seek isiyeni. Lembani $mizere = $result->fetch_all(MYSQLI_ASSOC); kamodzi, kenako foreach kangati kalikonse mufuna, nkhani ya pointa yatha. Chenjezo lake ndi memory_limit, malire a memory yomwe script ya PHP ingagwiritse ntchito: mwachizolowezi imakhala 128M, ndipo mizere ikakhala mazanamazana a masauzande fetch_all itha kuigunda. Zikafika pamenepo, gawani ndi LIMIT mu SQL momwemo, mizere 50 pa tsamba.