Funsani Amalume: Meseji yalowa, nanga ndalama yalowa?

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani za foni, ena pa WhatsApp ena papepala, nde ndasankhapo atatu. Mayina sindilemba monga mwa nthawi zonse.

Amalume, ine ndine mayi wa ana asanu, ndimalima mbatata ya kachewere ndi nyemba pang'ono kuno ku Tsangano. Zaka zonsezi timagulitsa kwa mavenda obwera ndi magalimoto pamunda pomwe, mtengo amatchula okha ife nkungovomera poti mbatata siidikira munthu, ikakhalitsa imawola. Chaka chino mwana wanga wamkulu anajambula matumba nkuponya pa gulu lina la WhatsApp la anthu amalonda, nde kwapezeka bambo wina akuti ali ku Tete pa msika wa Kwachena akufuna matumba 30 pa mtengo woposa wa mavenda. Akuti tikweze katundu pa galimoto ya mnzake, ndalama atumiza pa foni galimoto ikanyamuka. Bambo a kunyumba akukanitsitsa akuti ndi zaumbava zimenezo, mwana akuti ife ndife otsalira. Mnzathu wina wa kutchalitchi anaonetsedwa meseji yoti ndalama zalowa, popita kwa ajenti anapeza mulibe olo metikali imodzi, nyemba zitapita kale. Ndimvere ndani?
Mayi wa ku Tsangano

Mayi, zikomo polemba, ndipo mukampepese mnzanuyo, thukuta la chaka chonse kupita choncho zimawawa zedi. Mwana wanuyo akunena zoona pa nkhani ya msika, koma pa nkhani ya munthu wa matumba 30 ameneyu mverani bambo a kunyumba. Katundu asakwere galimoto.

Ndiyambe ndi mbali ya mwanayo chifukwa sindikufuna muitaye foniyo. Kale amene ankadziwa mtengo wa mbatata ku Tete kapena ku Beira anali venda yekha, inu mumangomva zomwe wakuuzani, akati kutauni mbatata yadzadza mtengo wagwa mulibe pofunsa, ulendo wa ku Tete ndi wautali komanso ndalama ya chapa yokha imadya thumba. Lero mumangoimbira mphwanu kapena mwana wa achemwali anu amene ali ku Matundo kaya ku Moatize nkumufunsa kuti thumba likupita bwanji sabata ino, venda akabwera mukukambirana mukudziwa poyambira. Olo mutagulitsa kwa venda yemweyo, zimenezi zokha ndi phindu kale, ndipo mwanayo muthokozeni.

Koma tsono foni yafupikitsa mtunda, sinasinthe mitima ya anthu. Venda wobwera pamunda, ndi kuipa kwake konse, mumamuona nkhope, amfumu akumudziwa, galimoto yake anyamata akuidziwa, ndipo ndalama amawerenga m'manja mwanu matumba asanakwere. Uyu wa pa WhatsApp mukudziwa nambala yake basi, ndi kachithunzi komwe mwina sikake. Nambala imatayidwa tsiku lomwelo.

Ndikuuzeni mmene anabedwera mnzanu uja kuti muzione zikamabwera. Njira zake ndi ziwiri kawirikawiri. Ina amakutumizirani chithunzi cha meseji yoti watumiza ndalama, dzina lanu lilipo, ndalama yake ilipo, tsiku lilipo, koma chithunzi mwana aliyense wodziwa foni angachikonze nthawi yochepa. Ina amalemba meseji yofanana ndendende ndi ya M-Pesa kapena e-Mola, m'Chipwitikizi chomwechija, nkuitumiza kuchokera pa nambala wamba yoyamba ndi 84 kaya 86 kaya 87, nde munthu uli pamunda dzuwa likuswa mtengo, galimoto ikulira, dalaivala akukuwa kuti tachedwa tachedwa, umangoona mawu oti walandira basi osayang'ana kuti yachokera kuti. Kufulumizitsako nkwadala mayi, akudziwa kuti mukapatsidwa mpata woganiza muzindikira.

Meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani pamwamba, pamalo omwe pamalowa mameseji ena akale a ndalama, koma olo imeneyo musaikhulupirire yokha. Tengani foni yanu inuyo, osati ya wogula, osati ya dalaivala, muimbe *150# ngati ndi M-Pesa kapena *898# ngati ndi e-Mola, muone saldo yanu, ndalama zomwe zili mu akaunti, ndi maso anu. Sizifuna intaneti zimenezi, kafoni ka mabatani kakwanitsa. Saldo ikakwera ndi ndalama yomwe munagwirizana, matumba akwere. Ikapanda kukwera, kaya akuti netiweki yavuta, kaya akuti ilowa madzulo, kaya akulumbira pa amake, matumba akhale pansi mpaka madzulowo. Ngati kuwerenga Chipwitikizi kumakuvutani mwanayo aime pambali panu, koma nambala yachinsinsi ija, pini, mulembe nokha.

Nde pali zina zomwe anthu amaiwala pa malonda aakulu ngati amenewa. Akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama yomwe ingalandire kapena kusunga, zimatengera mmene munailembetsera, choncho pitani kwa ajenti kapena ku shopu ya kampani yanu ndi chitupa chanu cha BI mukafunse malire anu tsiku la malonda lisanafike. Funsaninso ajenti wa kwanuko ngati amakhala ndi ndalama yokwanira kukutapitsani zonsezo, chifukwa ma ajenti a kumudzi nthawi yokolola ndalama imawathera m'mawa momwe, mungapezeke muli nayo mufoni koma aganyu okumba mbatata akukudikirani pakhomo. Ndipo potapa amadula kangachepe, mugwirizane ndi wogula kuti imeneyo alipira ndani.

Kwa bambo wa ku Kwachena yo muuzeni chonchi: abwere yekha kapena atume munthu wake adzaone mbatata, alipire, anyamule. Ngati akuti iyenso akuopa kubedwa, ndipo ali ndi ufulu woopa poti alimi onama aliponso, yambani pang'ono, matumba atatu kaya asanu, mwana wanu akwere nawo galimotoyo akaone pomwe bamboyo amagulitsira, akaone anzake oyandikana naye pamsika. Kapena m'bale wanu wa ku Tete apite pa Kwachena po akamufunse ndi dzina, msika ndi mudzi, wamalonda weniweni amadziwika. Wogula woona sangakane zimenezi chifukwa iyenso akufuna mlimi wokhazikika woti azimuimbira chaka ndi chaka. Akakwiya nkuyamba zoti simukundikhulupirira, mwapulumuka.

Chinanso, mukayamba kuponya nambala yanu m'magulu amalonda mudzayamba kulandira mameseji achilendo. Ena oti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, ngati kuti ndi munthu amene munapangana naye kale. Ena amaimba akulira kuti ndatumiza kwa inu molakwitsa chonde bwezani, pomwe sanatumize kalikonse. Ena amati ndife a kampani, akaunti yanu itsekedwa, tiuzeni pini. Wa kampani weniweni safunsa pini. Ndipo mwanayo mumuuze kuti manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa meseji asapatse munthu aliyense, ndi mmene akuba amabera akaunti ya munthu nkuyamba kupempha ndalama kwa abale ake onse m'dzina lake. Alowe mu zokonzera za WhatsApp atsegule chitetezo chachiwiri chija choika pini yakeyake.

Mnzanu wa nyemba uja asangokhala chete ndi manyazi, asafufute meseji ija, apite nayo ku polisi komanso akauze kampani ya foni nambala yomwe inamubera. Sindikulonjeza kuti nyemba zibwerera, koma nambalayo itha kutsekedwa isanalize mayi wina.

Ndipo manambala a ogula anu abwino muziwalembanso m'kabuku. Mukukumbuka kumapeto kwa chaka cha 2024, chisankho cha pa 9 Okutobala chitapita, intaneti ya pa foni inkadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zinavuta kwa masiku, amene malonda awo onse anali pa gulu anasowa pogwira pomwe amene anali ndi manambala ankangoimba.

Amalume, ndinamaliza kalasi 12 chaka chatha, ndili pa Moatize kwa achimwene anga, ntchito sikupezeka. Pa Facebook ndaona tsamba lili ndi chizindikiro cha kampani ina ya mgodi akuti akufuna achinyamata ambiri, palibe zofuna luso. Ndinalemba, anandiyankha pa WhatsApp kuti ndasankhidwa, nditumize chithunzi cha BI ndi NUIT, nambala ija ya msonkho, komanso 2,500 metikali ya kuchipatala ndi yunifolomu, mawa lisanafike. Achimwene akuti andibwereka. Nditumize?
Mnyamata wa ku Moatize

Mphwanga, usatumize, ndipo achimwene akowo asunge ndalama yawo. Ndikudziwa mmene zimawawira kukhala pa Moatize ukuona masitima a malasha akudutsa ndi mabasi onyamula antchito m'mawa uliwonse iwe uli pakhonde, chiyambire pomwe kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 mpaka pomwe mgodi unapita m'manja mwa kampani ya Vulcan mu 2022 achinyamata akhala akubwera kuchokera ku Angónia, ku Macanga, ku Mutarara ndi chiyembekezo chomwecho, ndipo akubawa akudziwa zimenezi, akudya pa njala yanu. Chizindikiro cha kampani aliyense angachikopere nkuchiika pa tsamba lake, kampaniyo isakudziwa nkomwe.

Taganiza, wasankhidwa bwanji munthu asanakuone, asanakufunse funso olo limodzi? Kampani yolemba ntchito ndi imene imakulipira iweyo, sikuuza kuti utumize ndalama pa nambala ya munthu usiku uno. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ukatumiza 2,500 yo mawa adzati yatsala ya chiphaso cholowera pageti, kenako ina, mpaka tsiku lomwe nambala idzasiye kulowa.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi BI yo. Ndalama imapita nkuiwalika, koma chithunzi cha BI yako munthu woipa angayese kulembetsera nacho simu kapena akaunti ya ndalama, nkumabera anthu ena dzina likuoneka lako, tsiku lina apolisi akufuna iwe. Ngati watumiza kale, sunga mameseji onsewo usafufute, ndipo ukauze apolisi zilembedwe.

Njira yoona ndi yochedwa koma ilipo. Pita ku INEP, ofesi ya boma yoona za anthu ofuna ntchito, ukalembetse. Funsa ku IFPELAC, sukulu ya boma yophunzitsa luso, za maphunziro a ntchito zamanja, kuwotcherera, zamagetsi, umakaniki, chifukwa kalasi 12 yokha pa mgodi ili ndi anthu ambiri pamzere koma wodziwa kugwira chitsulo amafunidwa ngakhale kunja kwa mgodi. Ukaona chilengezo chilichonse pa Facebook, pita nacho pa ofesi ya kampaniyo ukafunse ngati nchawo, uli pa Moatize pomwepo, ndi ulendo wa txopela basi. Ndipo foni yomweyo igwiritse ntchito mbali ina, ndikudziwa achinyamata amene anaphunzira kukonza mafoni ndi kulumikiza masola poonera mavidiyo, ena akulembera anthu ma CV, ena akugulitsira azakhali awo nyemba ndi soya pa WhatsApp nkumapatsidwa kangachepe. Sizolemeretsa, koma sopo ndi mega ukugula wekha uku ukudikira.

Amalume, ine ndimakhala kufupi ndi malire a Calómuè. Ndikaika kredito sachedwa kutha, mega nawonso amangosungunuka ndisanachite kanthu, mkazi wanga akuganiza kuti ndimachezera kuimbira munthu wina usiku. Chikuchitika nchiyani?
Bambo wa ku Angónia

Bambo, kalata iyi muwawerengere mayiwo, mwina mtima ukhala pansi. Inu a m'malire, kuyambira Calómuè, Biri-Biri mpaka Zóbuè, foni zanu zimatha kudumphira pa netiweki ya ku Malawi inu muli pakhomo panu, nsanja ya ku Dedza ikakhala ndi mphamvu kuposa ya kwanu foni imangogwira imeneyo, nde mukaimba kapena kutsegula intaneti mukulipira ngati munthu amene ali kunja kwa dziko. Yang'anani pamwamba pa foni, mukaona kachilembo R kapena dzina la Airtel kaya TNM pomwe simu yanu ndi ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ndi zimenezo. Lowani mu zokonzera, pa netiweki, muchotse zoti foni izisankha yokha musankhe nokha kampani yanu, ndipo muzimitse roaming ya intaneti. Ambiri kumeneko amangosunga masimu awiri, ina ya kuno ina ya ku Malawi yoimbira abale ndi ogula a ku Dedza ndi ku Lizulu, imatchipa kutero.

Za mega, wakuba wamkulu ndi mavidiyo. Magulu a WhatsApp aja, la kutchalitchi, la mpira, la banja, la fodya, aliyense akuponya vidiyo ndipo foni yanu ikutsitsa zonse yokha olo simunazitsegule. Zimitsani zotsitsa zokha, muzisankha nokha chomwe mukufuna kuona. Pa Facebook zimitsani mavidiyo oyamba okha kapena muike Facebook Lite, ndipo ngati ana amabwereka foniyo madzulo kuti aonere TikTok musafunenso kwina. Muzigula phukusi la intaneti kaye musanayatse data, chifukwa kuyatsa popanda phukusi kumadya kredito mwachangu. Mukatha zonsezi atsegulireni mayiwo pomwe foni imaonetsa mafoni omwe mwaimba ndi pomwe imaonetsa pulogalamu yomwe yadya mega ambiri, aone okha.