Usiku umene dzanzi linatha

Mayi, mwafunsa za jakisoni wa dzanzi amene madokotala akufuna kubaya mnyamata wanu pa opaleshoni ya bondo. Jakisoniyo ndimamudziwa, chifukwa mwana wanga wamkazi anabayidwa yemweyo kuno ku Johannesburg ali ndi zaka 16, atadula mtsempha wa ACL, umene umalumikiza mafupa mkati mwa bondo, pa masewero a ntchemberembaye. Anamubaya m'mphechepeche femoral block, jakisoni wogonetsa mtsempha wotumiza uthenga wa ululu wa m'mwendo, ndipo potsitsimuka ankangoseka, n'kumatiuza kuti bondo silikupweteka n'komwe. Anatitulutsa madzulo a tsiku lomwelo ndi ndodo ziwiri zoyendera komanso kathumba ka mapiritsi, ndipo namwino amene anatiperekeza pakhomo anangoti tizimumwetsa akamva kuwawa.

Mawu amenewo ndi amene anatipweteketsa. Cha m'ma 3 koloko mbandakucha mwanayo anafuna kupita kuchimbudzi, ndipo poti sankamva ululu anaponda ndi mwendo wa opaleshoniwo osatenga ndodo. Bondo linangopindika lokha ngati la mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, iye n'kugwera pakati pa bedi ndi chitseko. Ndinamupeza akudzimenya ntchafu ndi chikhatho, akuti, "Amayi, mwendowu si wanga." Ndinamukwakwaza ndekha mpaka pabedi, popeza bambo ake anali ku ntchito ya usiku. Pasanathe ola limodzi dzanzi linatha, ndipo ululu sunabwere pang'onopang'ono ayi, unangofika wonse nthawi imodzi, mwana n'kumaluma pilo thukuta lili kamukamu, mapiritsi amene ndinamumwetsa mochedwawo asanayambe kugwira.

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira dokotala wogonetsa uja, amene anatisainitsa pepala mothamanga ngati tikumuchedwetsa, osatiuza kuti mtsempha wotumiza uthenga umene ankaugonetsawo ndi womwewo umene umalamula mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu, umene umalimbitsa bondo munthu akaimirira. Sanatiuzenso kuti mankhwalawo amatha pakati pa maola 12 ndi 24, kutanthauza kuti kwa ambiri amathera usiku. Ndinamva kwa a fiziyo, amene amathandiza odwala kulimbitsa ziwalo, patapita masabata awiri kuti palinso adductor canal block, yomwe amabaya chapakati pa ntchafu chamkati, ndipo imaletsa ululu popanda kufoola mnofuwo kwambiri. Mwamwayi mtsempha watsopano umene anaika m'malo mwa ACL sunaduke, koma mwanayo anatha masabata angapo akulephera kunyamula mwendo wowongoka pabedi, ngakhale a fiziyo ankati opaleshoni payokha imafoolanso ntchafu.

Komabe jakisoniyo musamukane, chifukwa maola oyambirira mwana wanga anagona mwamtendere, ndipo sanafunikire mankhwala amphamvu amene amachititsa nseru. Funsani ngati angamubaye adductor canal block, ndipo akanena kuti pa mwana wanuyo yoyenera ndi femoral block, vomerani, koma mugone naye chipinda chimodzi ndipo asaimirire popanda ndodo kufikira mwendo utadzuka. Mufunsenso nthawi yeniyeni yoyambira mapiritsi, kuti amwe dzanzi lisanathe, ngakhale iye azinena kuti ali bwinobwino. Za mpira asaziganizire isanakwane miyezi 9 komanso a fiziyo asanayeze mphamvu za miyendo yonse iwiri, pakuti achinyamata ndi amene amadulanso mtsempha wa ACL kawirikawiri. Koma wangayo ndinamulola kuyamba kuponya mpira ndi anzake pa miyezi 7, chifukwa kulira kwake kunandikwana.